Mayunivesite akamati akupititsa maphunziro a nthawi ya Shakespeare kwa anthu wamba, amanena anthu ati?

MayiWaAtsikanaAwiri:
Abale ndi alongo a pagulu pano, ndili ndi nkhani imene yandisautsa kuyambira sabata yatha, ndipo ndikupempha amene mumadziwa za m'mayunivesite kuti mundiunikire. Ine ndimakhala kuno ku England, m'chigawo cha West Midlands, komwe ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Mwana wanga wachisamba akukonzekera mayeso a GCSE, ndipo kuno mwana aliyense amene akulemba phunziro la zolembalemba za Chingerezi amayenera kuwerenga sewero limodzi la William Shakespeare. Iyeyu akuwerenga Macbeth. Nditaona chidziwitso chakuti yunivesite ina yakonza msonkhano wa anthu onse wokamba za mabuku, nyimbo ndi zojambula za m'zaka za m'ma 1500 ndi 1600, ndinasinthana shifiti ndi mnzanga, n'kulipira sitima ya anthu awiri. Titafika tinapeza kuti pafupifupi onse amene anali m'chipindamo anali aphunzitsi a pomwepo ndi ophunzira awo. Wolankhula anawerenga pepala lake kwa ola lathunthu osadzutsako nkhope, mafunso anafunsana okhaokha potchula mayina a akatswiri anzawo, ndipo pomaliza aliyense anapita kwa amene amadziwana naye. Tili m'sitima pobwerera, mwana anandifunsa kuti, "Amayi, kodi zimene zija anakonzera ife?" Ndinasowa chomuyankha. Funso lomwelo ndi limene ndabwera nalo kwa inu.

Mlonda_wa_Mabuku:
Pepani amayi chifukwa cha nthawi ndi ndalama zimene munawononga. Ine ndagwira ntchito mu laibulale kwa zaka zambiri, ndipo ndikuona kuti munagwera pa semina ya akatswiri imene anangoitsekulira chitseko. Misonkhano ili ya mitundu iwiri. Wina ndi woti ofufuza ayesane nzeru pa kafukufuku amene sanamalize, ndipo umenewu ndi wofunika pa ntchito yawo. Wina ndi woti munthu amene sanaphunzirepo za nkhaniyo atuluke atatolapo kanthu, ndipo umenewu umafuna kukonzekera kwina: nthawi imene anthu aweruka kuntchito, malo amene amawadziwa kale, ndi chilankhulo chosapita m'mbali. Cholakwa chimabwera pamene msonkhano wa mtundu woyamba aulengeza ngati wa mtundu wachiwiri.

Mfufuzi_Wachitsikana:
Ndikugwirizana ndi a Mlonda, koma ndiwonjezere chifukwa chimene zimenezi zimachulukira, popeza ndikuchita digiri ya udokotala pa zolemba za nthawi yomweyi, imene akatswiri amaitcha early modern, kutanthauza zaka zoyambira cha m'ma 1500 mpaka cha m'ma 1700. Ku Britain, ndalama za kafukufuku zimene boma limapereka ku mayunivesite zimagawidwa potsatira kauniuni wotchedwa Research Excellence Framework. Mu kauniuni wa 2014, magawo 20 pa 100 a malikisi ankachokera pa umboni wakuti kafukufukuyo wapindulira anthu a kunja kwa yunivesite, ndipo mu 2021 anakweza n'kufika pa magawo 25. Choncho dipatimenti iliyonse, ngakhale yophunzitsa ndakatulo za zaka 400 zapitazo, imayenera kusonyeza kuti yafikira anthu. Ena amaigwira ntchitoyi ndi mtima wonse, pomwe ena amangolemba pachidziwitso kuti aliyense ndi wolandiridwa, kenako n'kuwerenga mitu ya amene alowa.

BamboAChikondi:
Ndiye kuti amayiwa ndi mwana wawo anangopita kukakhala manambala a mu lipoti. Ngati gwero lake ndi ndalama, tisamaitche ntchito yothandiza anthu.

Mfufuzi_Wachitsikana:
Bambo a Chikondi, sindikuvomereza kuti chilichonse chimene chili ndi ndalama kumbuyo kwake ndi chachinyengo. Lamulo lomwelo lachititsa kuti mapulofesa amene kale sankatuluka m'maofesi awo ayambe kupita m'masukulu ndi m'malaibulale a m'madera. Chimene tiyenera kufunsa ndi chakuti, kodi amene anakonza anayamba wakhala pansi ndi anthu amene akufuna kuwafikira, kapena anangowaitana zonse zitatha kale?

Nangozo_waku_Handsworth:
Amayi, poti muli ku West Midlands, ndiloleni ndikusimbireni za chitsanzo chimene chili pakhomo panu, chimene ine ndinachiona ndi maso. Mzinda wa Birmingham uli ndi laibulale ya mabuku a Shakespeare imene inakhazikitsidwa mu 1864, pokumbukira zaka 300 chibadwire mlembiyo. Mmodzi mwa amene anaiyambitsa anali mlaliki George Dawson, amene ankaphunzitsa kuti khonsolo ya mzinda ili ndi udindo wopatsa anthu ake zinthu zabwino za m'maganizo monga mmene imawapatsira madzi ndi misewu. Moto unapsereza mabuku ambiri mu 1879, koma anthu anasonkhanso, ndipo mu 1881 laibulaleyo inapeza kope la First Folio, buku la mu 1623 limene John Heminges ndi Henry Condell, anzake a Shakespeare pa zisudzo, anasonkhanitsamo masewero ake 36 iye atamwalira kale. Masewero 18 mwa amenewa anali asanasindikizidwepo, ndipo Macbeth amene mwana wanu akuwerenga ndi limodzi mwa iwo. Bukuli likanapanda kutuluka, mwina seweroli silikanatipeza.

Chimene chimandikhudza ine n'chakuti kope la ku Birmingham silinagulidwe kuti likakongoletse nyumba ya munthu wachuma. Ndi la anthu a mumzindawo, ndipo lili ndi chidindo cha laibulale ya anthu onse. Komabe m'kupita kwa zaka anthu ambiri anaiwala kuti ali ndi chuma chotere. Apa ndi pamene University of Birmingham inagwirizana ndi khonsolo ya mzinda pa ntchito yotchedwa Everything to Everybody, imene ankaitsogolera Pulofesa Ewan Fernie wa ku Shakespeare Institute, ndi thandizo la ndalama lochokera ku National Lottery Heritage Fund. Dzinalo linachokera pa mawu a Dawson mwini wake, ndipo likutanthauza kupereka zonse kwa onse. Iwowa sanangoitana anthu kuti abwere kusukulu yaukachenjede. Analinyamula bukulo n'kupita nalo m'malaibulale a m'madera, m'malo ochitira malonda, ngakhale kundende ya Birmingham. Tsiku limene ndinaliona ine, pafupi nane panali agogo ena ndi adzukulu awo, ndipo amene ankafotokoza anayamba ndi kutifunsa zilankhulo zimene timalankhula kunyumba, kenako n'kutiuza kuti laibulaleyo ili ndi Shakespeare m'zilankhulo zoposa 90. Kuyambira pamenepo anthu anamasuka, mafunso anachita kulimbirana.

MphunzitsiWopuma_Zomba:
Anangozo, mwafotokoza bwino, ndipo mbiri ya laibulaleyo yandisangalatsa. Koma monga munthu amene ndaphunzitsa zolembalemba kusekondale kwa zaka zambiri, ndili ndi chikayiko. Kuona buku lakale lili m'galasi kumasangalatsa mtima, koma sikuphunzitsa mwana kumva zimene zalembedwamo. Sewero analilembera kuti liseweredwe. Kuno kwathu, Travelling Theatre ya ku Chancellor College, imene inayamba cha m'ma 1970, inkatenga ophunzira n'kupita nawo m'masukulu ndi m'maboma kukachita zisudzo, ndipo pambuyo pake, m'nthawi ya a Chris Kamlongera, inayamba kupanga masewero a m'Chichewa pamodzi ndi anthu a m'midzi pa nkhani zowakhudza. Kwa ine imeneyo ndiyo yunivesite yopita kwa anthu, chifukwa woonera amasanduka wochita nawo.

Ndipo kunena za Macbeth, mwana wa amayiwa akanapindula kwambiri wina akanamuuza zinthu zochepa chabe. Seweroli linalembedwa cha m'ma 1606, James wa ku Scotland atangolowa ufumu wa England mu 1603. Mfumuyi inkakhulupirira kwambiri za ufiti, moti inakhalapo pa milandu ya anthu oganiziridwa ufiti ya ku North Berwick imene inayamba mu 1590, ndipo mu 1597 inatulutsa buku lake lokamba za ziwanda ndi afiti. Mu 1605 kunali chiwembu chofuna kuphulitsa nyumba ya malamulo mfumuyo ili momwemo. Banja lake linkati linachokera kwa Banquo, amene m'seweromo afiti akumulosera kuti ana ake adzakhala mafumu. Ndinkati ndikawafotokozera ana a Folomu 4 zimenezi, ankachita kudzuka m'mipando, chifukwa nkhani za kulimbirana ufumu, maula ndi mwazi wa munthu wosalakwa umene susambika m'manja si zachilendo kwa mwana wa ku Malawi.

Nangozo_waku_Handsworth:
Aphunzitsi, sindikutsutsa kuti galasi palokha siliphunzitsa. Koma kwa munthu amene wakhala akuuzidwa kuti zinthu zimenezi ndi za anthu a mtundu wina ndi a ndalama, kumva kuti bukulo ndi lake monga nzika ya mzindawo ndi poyambira pabwino.

MwanaWaKalonga:
Ine vuto langa lili pena. Nthawi zonse mayunivesite akanena za zaka za m'ma 1500 ndi 1600, nkhani imathera pa Shakespeare ndi mafumu a ku Ulaya, ngati kuti kwina konse kunalibe anthu oganiza ndi aluso. Mu 1616, chaka chimene Shakespeare anamwalira, Mpwitikizi wina dzina lake Gaspar Bocarro ananyamuka ku Tete, n'kudutsa m'dziko la Amaravi kumene analandiridwa ndi mfumu Muzura, mpaka kukafika ku Kilwa m'mbali mwa nyanja ya mchere. Mu 1609 wansembe João dos Santos anali atasindikiza kale ku Évora buku lofotokoza za madera a Zambezi, ndipo mbali zina za bukulo zinamasuliridwa m'Chingerezi n'kutuluka ku London mu 1625, patangopita zaka ziwiri First Folio itatuluka. Pa Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka, a Yusuf Juwayeyi anafukula likulu la a Kalonga n'kupezapo mikanda yagalasi ndi mapale a mbale zochokera ku China, umboni wakuti makolo athu anali pa malonda a dziko lonse m'nyengo yomweyo. Nanga bwanji mwana wa amayiwa, amene magazi ake ndi a komweko, asamve zimenezi pa msonkhano wonena za nyengoyo?

Mlonda_wa_Mabuku:
Achimwene, mfundo yanu ndi yolemera, ndipo akatswiri ambiri a masiku ano akuivomereza, moti mayunivesite ena anayamba kuiphunzitsa nyengoyi monga mbiri ya dziko lonse. Ngakhale mu England momwemo nkhani ya Afirika ilimo. Pa chojambula cha mu 1511 chosonyeza mpikisano wa pa Westminster pali John Blanke, munthu wakuda amene ankaimba lipenga kunyumba ya Henry VIII. University of Birmingham imasunga chithunzi cha Abd el-Ouahed ben Messaoud, kazembe wa ku Morocco amene anafika kwa Mfumukazi Elizabeth I mu 1600, zaka zochepa Shakespeare asanalembe Othello, sewero lonena za mkulu wa asilikali wakuda. Ndipo ku Coventry, pafupi ndi kumene amayiwa akukhala, Ira Aldridge, katswiri wa zisudzo wakuda wochokera ku America amene anatchuka posewera Othello, anayendetsapo nyumba ya zisudzo mu 1828. Chikwangwani chomukumbukira chinaikidwa mumzindawo mu 2017, ndipo kafukufuku wa Pulofesa Tony Howard wa ku University of Warwick anathandiza kuti zimenezi zitheke. Chokhacho chimene ndingavomereze n'chakuti nkhani zotere zimafika kwa anthu mwa apo ndi apo, kawirikawiri m'mwezi wa Okutobala pamene kuno amakumbukira mbiri ya anthu akuda.

MwanaWaKalonga:
Zikomo a Mlonda, koma onse amene mwatchulawo ndi anthu akuda amene anali ku Ulaya. Ine ndikunena za Afirika amene anali kwawo, akusula zitsulo, akuwomba nsalu za thonje ndi kuweruza milandu. Mbiri yawo siiyenera kudikira kuti ikhudzane ndi London kuti iwerengedwe.

WakuChipata_Joni:
Ndikumvetsa a MwanaWaKalonga, komabe tisaiwale kuti Afirika enieni anamutenga Shakespeare n'kumugwiritsa ntchito mwa kufuna kwawo, osadikira yunivesite iliyonse. Sol Plaatje, mlembi wa ku South Africa, anamasulira masewero ake m'Chitswana, ndipo limodzi linasindikizidwa mu 1930. Julius Nyerere anamasulira Julius Caesar m'Chiswahili n'kulitulutsa mu 1963 ali kale mtsogoleri wa dziko, pofuna kusonyeza kuti chilankhulo chake chikhoza kunyamula nkhani ina iliyonse. Pa Robben Island, buku la masewero onse la Sonny Venkatrathnam linkayenda m'manja mwa akaidi, aliyense n'kusayina pandime imene yamukhudza, ndipo Nelson Mandela anasayina pa 16 Disembala 1977. Kwathu a Stanley Onjezani Kenani anamasulira Romeo and Juliet m'Chichewa. Kuno ku South Africa kulinso kope la First Folio ku Cape Town, limene linabwera ndi mabuku amene Sir George Grey anapereka mu 1861, koma anzanga ambiri amene ndimagwira nawo ntchito ku Johannesburg sanamvepo za bukuli. Yunivesite yofuna kufikira anthu ngati ife iyambire pa zomasulirazi, chifukwa ndi pamene pali umboni wakuti tinali kale m'nkhaniyi.

MphunzitsiWopuma_Zomba:
Mwanena zoona achimwene. Mwana akamva ndime m'chilankhulo chake kaye, Chingerezi chakalecho sichimuopsanso.

BamboAChikondi:
Zonsezi ndi zabwino, koma tibwerere ku funso la amayi, ndipo ine ndibwereranso pa ndalama. Ntchito imene Anangozo atamandayo inali ya zaka zowerengeka, ndipo thandizo lake linali ndi polekezera. Mu Seputembala 2023 khonsolo ya Birmingham inalengeza kuti ndalama zake sizikukwanira, ndipo kuchokera pamenepo malaibulale ndi ntchito za chikhalidwe zakhala m'gulu la zinthu zochepetsedwa. Kumbukiraninso kuti mu 2020 Mills College ya ku California inagulitsa kope lake la First Folio pa okushoni pamtengo wa pafupifupi madola 10 miliyoni, ndipo mu 2013 University of London inkafuna kugulitsa mabuku ake akale a Shakespeare mpaka anthu atakana mwamphamvu. Mwa makope a First Folio pafupifupi 750 amene anasindikizidwa, atsala ndi okwana ngati 235, ndipo 82 ali pamalo amodzi, ku Folger Shakespeare Library ku Washington. Zinthu zikavuta, chimene chimayamba kudulidwa ndi chomwecho chopita kwa anthu wamba. Kodi mwana amene anachita chidwi chaka chino adzapita kuti chaka chamawa?

Mfufuzi_Wachitsikana:
Funso limenelo ndi limene limandivuta inenso, bambo, ndipo yankho limene ndaona kuti limagwira ndi kusiyira anthu luso m'manja m'malo mongowaonetsa zinthu. Ndipereke zitsanzo ziwiri. Mu 2015 Folger, mogwirizana ndi Zooniverse (tsamba la pa intaneti pamene anthu wamba amathandiza pa kafukufuku) ndi akonzi a Oxford English Dictionary, inayambitsa ntchito yotchedwa Shakespeare's World, imene inaika pa intaneti zithunzi za makalata ndi mabuku a kaphikidwe ndi mankhwala olembedwa pamanja m'nyengoyo, kuti munthu aliyense athandize kuwalemba m'zilembo za masiku ano. Kalembedwe ka nthawiyo, kotchedwa secretary hand, n'kovuta poyamba chifukwa zilembo zina monga e ndi h sizifanana ndi zathu, koma munthu akachita khama kwa masabata angapo amayamba kuwerenga. Anthu wamba amenewa anapeza mawu ena atagwiritsidwa ntchito kale kwambiri kuposa mmene dikishonale inkanenera, ndipo akonzi analandira umboniwo. Chachiwiri, mu Januwale 2015 mgwirizano wa malaibulale wotsogozedwa ndi University of Michigan ndi Bodleian ya ku Oxford unamasula kwaulere mabuku oposa 25,000 osindikizidwa chisanafike chaka cha 1700, ndipo aliyense amene ali ndi foni akhoza kuwawerenga, kaya ali ku Walsall kaya ku Mzimba. Thandizo la ndalama likatha, luso lowerenga ndi mabuku omasulidwawo zimatsala.

Kwa a MwanaWaKalonga, njira yomweyi ingagwire ntchito pa mbiri yathu. Zolemba za Apwitikizi zonena za Amaravi ndi chigwa cha Zambezi zili m'nyumba zosungira zakale ku Lisbon ndi ku Goa, ndipo abale athu a ku Tete ndi ku Angónia amene amadziwa Chipwitikizi ndi Chinyanja chomwe ndi amene angazindikire msanga mayina a anthu, mitsinje ndi maudindo amene alembi aja anawapotoza.

MwanaWaKalonga:
Apo ndiye tagwirizana, achemwali. Ntchito yotero ine ndingaipatse Loweruka langa lililonse.

MayiWaAtsikanaAwiri:
Ndathokoza nonse. Usiku wathawu ndinamuwerengera mwana zimene aphunzitsi a ku Zomba alemba za Mfumu James ndi afiti, ndipo anatenga buku lake n'kupeza yekha ndime imene Macbeth akuonetsedwa mzera wa mafumu ochokera kwa Banquo. Anandifunsa chifukwa chimene wolankhula uja sananenere zimenezi, ndipo ndinamuuza zimene a Mlonda afotokoza, kuti tinalowa mu msonkhano wa akatswiri okhaokha. Ndaganiza zolembera dipatimenti ija kalata yaulemu yowapempha kuti pa zidziwitso zawo azilemba momveka ngati msonkhano uli wa ofufuza kapena wa aliyense, ndiponso kuti kamodzi pa teremu aziganizira ana amene akulemba mayeso ndi makolo awo. Anangozo, ndikufuna ndipite ndi atsikana onse awiri ku Birmingham pa holide ikubwerayi. Tikafika tikayambire pati?

Nangozo_waku_Handsworth:
Amayi, mukatsika sitima pa New Street muyende wapansi kupita ku Centenary Square, kumene kuli Library of Birmingham, nyumba imene Malala Yousafzai anatsekulira mu 2013. Mukwere mpaka pansanjika ya nambala 9, pamene pali Shakespeare Memorial Room, chipinda cha matabwa osemedwa bwino chimene John Henry Chamberlain anakonza mu 1882 ndipo chasamutsidwa kuchokera ku nyumba zakale za laibulaleyo. Mabuku akale kwambiri amasungidwa padera kumalo a zolemba zakale, choncho muyambe mwawalembera kapena kuwaimbira foni kuti akuuzeni masiku otsekulira ndi zimene zingatheke kuonetsedwa. Muwapemphenso kuti atsikanawo aone zomasulira za m'zilankhulo za ku Afirika. Mukasankha tsiku mundidziwitse pano, chifukwa ndikakhala kuti sindili kuntchito ndidzabwera kuti tidzakwerere limodzi.